Dartmoor: Nthano za Agalu Akuda, Sherlock Holmes, ndi Bodza la Chipululu Chosakhudzidwa

Moni kwa inu nonse amene mukuonera pulogalamu ino. M'chaka cha 1893, mlembi Arthur Conan Doyle anapha Sherlock Holmes, katswiri wofufuza milandu amene iye mwini anamupeka, pomugwetsera m'mathithi a Reichenbach ku Switzerland, chifukwa anali atatopa naye ndipo ankafuna kulemba mabuku a mtundu wina. Owerenga anadandaula, ena anamulembera makalata aukali, koma Doyle anaumitsa khosi kwa zaka zisanu ndi zitatu. Holmes ataonekeranso m'magazini ya The Strand mu Ogasiti 1901, nkhani yake inachoka m'misewu ya London n'kupita kuchipululu cha mphepo, nkhungu ndi matope chotchedwa Dartmoor, kumene kunkamveka mbiri ya chigalu chakuda chotuluka moto m'kamwa. Lero tiona zinthu zisanu zokhudza malo amenewa, ndipo ndikupemphani kuti mupirire mpaka pa mfundo yachitatu, chifukwa pamenepo pali bodza limene limabwerezedwa m'mavidiyo ambiri a zokopa alendo, ndipo ine limandiwawa.

Mfundo yoyamba ndi malowo, ndipo sitichedwapo. Dartmoor ili m'chigawo cha Devon, kumwera chakumadzulo kwa England, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 954. Boma linaiika m'gulu la mapaki a dziko mu 1951. Pansi pake pali thanthwe la granite, ndipo pamwamba pa zitunda zake pali milu ya miyala ikuluikulu yosanjikizana imene eni dera amaitchula tor, yomwe ilipo yoposa 160. Nsonga yaitali kuposa zonse ndi High Willhays, ya mamita 621. Mitengo ndi yochepa kwambiri; chimene maso amaona ndi udzu, zitsamba zazifupi, nkhosa, ng'ombe ndi akavalo ang'onoang'ono oyenda okha. M'tauni ya Princetown mumagwa mvula pafupifupi mamilimita 2,000 pachaka, ndipo madzi ochulukawo amalepheretsa zomera zakufa kuwola bwino, motero zimaunjikana n'kukhala dothi lakuda lonyowa lotchedwa peat, limene limapanga madambo oterera ndi onyenga maso. Nkhungu imatha kutsika mwadzidzidzi masanasana, munthu osaonanso chitunda chimene amalunjikako. Mukasunga mvula, nkhungu ndi madambo m'mutu, nthano zimene zikubwerazi zimveka mosavuta.

Mfundo yachiwiri ndi nthanozo. Tiyambe ndi tianthu ting'onoting'ono tosaoneka totchedwa pixie, timene anthu a ku Devon ankakhulupirira kuti timasocheretsa apaulendo, kotero kuti munthu amazungulira malo amodzi usiku wonse pamene mudzi wake uli pafupi. Mankhwala ake, malinga ndi nthanoyo, anali kuvula jekete n'kulivala motembenuza. Anna Eliza Bray, mkazi wa m'busa wa ku Tavistock, analemba zikhulupiriro zoterezi m'makalata amene ankatumiza kwa mlakatuli Robert Southey m'zaka za m'ma 1830, ndipo makalatawo atasindikizidwa anafalitsa nthanozi kutali ndi Devon. Ine ndimaona nzeru m'malangizo a jeketewo, chifukwa munthu amene waima kuti avule ndi kutembenuza chovala chake wasiya kuthamanga mwamantha, ndipo mu nkhungu ya ku Dartmoor kuima kumapulumutsa kuposa kuthamanga.

Kenako pali agalu. M'chigwa cha mtsinje wa West Dart muli kankhalango kotchedwa Wistman's Wood, ka mitengo ya oak yaifupi, yopindikapindika ndi yokutidwa ndi ndere, yomera pakati pa miyala. Nthano imati m'menemo ndimo mumagona agalu akuda a maso ofiira otchedwa Wisht Hounds, amene usiku wa mkuntho amatuluka ndi mbuye wawo, Dewer, yemwe ambiri amati ndi Mdyerekezi, n'kumathamangitsa wapaulendo mpaka akagwe kuchokera pa thanthwe lalitali la Dewerstone. Palinso nthano ya mlenje wolemera dzina lake Childe, amene anagwidwa ndi mkuntho wa chipale pafupi ndi Fox Tor, napha kavalo wake, nalowa m'mimba mwake kuti afundidwe, koma anafa ndithu ndi chisanu. Asanafe, akuti analemba ndi magazi kuti amene adzamuike m'manda ndiye adzatenge minda yake ya ku Plymstock, ndipo amonke a ku Tavistock anachenjerera anthu a ku Plymstock pomanga mlatho wamsangamsanga n'kuwolotsa mtembowo pamalo pamene sankawayembekezera.

Nthano imene ndimaikonda kwambiri ili ndi tsiku lake lenileni. Lamlungu pa 21 Okutobala 1638, mphezi inawomba tchalitchi cha m'mudzi wa Widecombe-in-the-Moor mapemphero ali mkati. Anthu anayi anafa, pafupifupi 60 anavulala, ndipo mbali ina ya nsanja inagwa. Zimenezi zinachitikadi, ndipo timabuku tofotokoza ngoziyo tinasindikizidwa ku London chaka chomwecho. Koma m'kupita kwa nthawi nkhaniyo inavala zovala zina: anthu anayamba kunena kuti Mdyerekezi anabwera pa kavalo wakuda kudzatenga Jan Reynolds, wotchova juga amene anagona tulo m'tchalitchimo ali ndi makadi m'manja, ndipo kuti nsanja inagumuka chifukwa anamangirirako kavalo wake. Apa mukutha kuona ndi maso mmene ngozi yeniyeni imasandukira nthano.

Ngati mwafika pano ndipo nkhanizi zikukusangalatsani, dinani batani la kulembetsa ndi kabelu kali pambali pake, chifukwa n'zimene zimathandiza kuti vidiyo ino ifike kwa anthu ena. Tsopano tiyeni ku bodza lija.

Mfundo yachitatu. Mudzamva kawirikawiri kuti Dartmoor ndi chipululu chomaliza cha kumwera kwa England, malo amene dzanja la munthu silinawakhudze chilengedwere dziko, ndipo kuti nthano za mizukwa zinabadwa chifukwa kunalibe anthu. Mawu amenewa amagulitsa bwino maulendo a alendo, koma ndi abodza kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo umboni wake uli pansi pa mapazi a aliyense woyenda kumeneko.

Umboni woyamba uli mu peat muja. Popeza dothi limeneli siliwoletsa zinthu msanga, limasunga mungu wa zomera kwa zaka masauzande ambiri, ndipo akatswiri akaboola n'kutulutsa dothi la pansi amatha kudziwa zimene zinkamera pa nthawi iliyonse. Chimene anapeza n'chakuti madzi oundana a nyengo yozizira yomaliza atatha kusungunuka ku Britain, mbali yaikulu ya Dartmoor inakutidwa ndi nkhalango ya oak, hazel ndi mitengo ina. M'dothi lomwelo muli makala osonyeza kuti alenje akale ankatentha m'mphepete mwa nkhalango, mwina pofuna kuti msipu wophuka ukope nyama. Alimi atabwera anagwetsa mitengo yambiri, ziweto zawo zinadya mphukira, dothi linaguga n'kukhala la asidi, ndipo peat inafalikira pamene panali mitengo. Ndivomereze kuti nyengo nayo inathandizira, chifukwa mvula inachuluka ndipo kunja kunazizira, komanso nsonga zazitali kwambiri ziyenera kuti sizinakhalepo ndi nkhalango yowirira. Koma chipululu chopanda mitengo chimene alendo amachijambula lero n'chotsatira cha moto, nkhwangwa ndi mano a ziweto. Wistman's Wood ija, imene nthano imati ndi khola la agalu a Mdyerekezi, ndi imodzi mwa tinkhalango titatu ta oak totsala pamalo okwera, pamodzi ndi Black-a-Tor Copse ndi Piles Copse, ndipo inapulumuka chifukwa miyala yake imalepheretsa nkhosa kulowa n'kudya timitengo tating'ono.

Umboni wachiwiri ndi nyumba. Pa Dartmoor pali maziko a nyumba zozungulira zamiyala pafupifupi 5,000 za nyengo imene akatswiri amaitchula Bronze Age. Ndibwereze chiwerengerocho kwa amene akumvera ali pa ntchito ina: 5,000. Pamalo otchedwa Grimspound pali nyumba 24 mkati mwa mpanda umodzi waukulu wa miyala, ndipo zina mwa izo zikuonekabe khomo lake lopindika lotchinga mphepo. Kuwonjezera apo pali timipanda tamiyala tatitali totchedwa reave, timene kwa nthawi yaitali anthu ambiri sankatilabadira, mpaka katswiri wofukula zakale Andrew Fleming atatifufuza m'zaka za m'ma 1970 n'kusonyeza kuti tinali malire a minda ya zaka pafupifupi 3,500 zapitazo. Timipandato timayenda mowongoka ndi motsatana kwa makilomita angapo, kutsika m'chigwa n'kukatulukira tsidya lina pa mzere womwewo, ndipo minda yake yonse pamodzi imaposa mahekitala 10,000. Ntchito yotere sichitika popanda anthu ambiri ogwirizana, odziwa kuyeza malo, ndiponso okhala ndi njira yogawirana nthaka. Mu 2011, pa chitunda cha Whitehorse Hill, anafukula manda a munthu wachinyamata wa nyengo yomweyo, amene mafupa ake owotchedwa anakulungidwa m'chikopa cha chimbalangondo, pamodzi ndi dengu la mikanda, umodzi wa chitsulo cha tin, ina ya amber (utomoni wakalekale wa mitengo wouma ngati mwala) yochokera kutali kunyanja ya Baltic. Kodi malo amene ankalandira mikanda yochokera kutsidya kwa nyanja tingawatchule osakhudzidwa? Nyengo itaipa zaka pafupifupi 3,000 zapitazo, anthu anatsika kumalo okwerawo n'kusiya nyumba zawo, ndipo popeza khasu silinabwererenso kukalima m'malo ambiri kumeneko, miyalayo inangokhala mmene anaisiyira.

Ndipo musaganize kuti nkhani ya anthu inathera pamenepo. Pansi pa Hound Tor pali mabwinja a mudzi wa m'zaka za m'ma 1200, wa nyumba zinayi zazitali mmene banja linkakhala mbali imodzi, ng'ombe mbali inayo, ndipo mudziwo unasiyidwa pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400. Okumba tin anatembenuza pafupifupi chigwa chilichonse, moti milu ndi maenje amene mlendo amayesa chilengedwe nthawi zambiri ndi zinyalala za migodi. Anthu a migodiwo anali ndi mphamvu zokwanira kukhala ndi nyumba yawo ya malamulo, imene inkakumana pabwalo pa Crockern Tor, ndipo msonkhano woyamba wolembedwa kumeneko ndi wa 1494. Alimi a pakati pa chipululucho ankanyamula maliro awo pa phewa kudutsa njira yotchedwa Lych Way kukaika ku tchalitchi cha Lydford, mpaka mu 1260 pamene bishopu wa ku Exeter analola midzi ina kuika maliro ku Widecombe, atamva kuti ulendo wa ku Lydford unali mamailosi 8 kunja kukakhala bwino, koma 15 nyengo ikaipa chifukwa cha kuzungulira mitsinje yodzaza. Lero lino alimi akudyetserabe ziweto pa msipu wogawana ndipo amatentha zitsamba mwadongosolo kuti udzu uphuke, ndipo kumpoto asilikali ali ndi malo ophunzirirapo kuwombera, kumene mbendera zofiira zikakwezedwa woyenda pansi saloledwa kulowa. Ziweto zitachotsedwa kwa zaka makumi angapo, malo ambiri otsika angayambe kubwerera ku tchire ndi mitengo.

Chifukwa chimene ndalimbikira pa mfundo imeneyi n'chakuti imasintha mmene timamvera nthanozo. Taonani pamene nthano zambiri zakhala. Pafupi ndi mudzi wa Belstone pali miyala yoimikidwa mozungulira yotchedwa Nine Maidens, imene akuti ndi atsikana amene anasanduka miyala chifukwa chovina tsiku la Sabata. Kwenikweni ndi mpanda wa manda a Bronze Age. Pafupi ndi Drewsteignton pali Spinsters' Rock, chimwala chachikulu chogonekedwa pa miyala itatu, chimene akuti anachiimika akazi atatu opota ubweya m'mawa umodzi asanadye kadzutsa. Kwenikweni ndi manda akale kuposa a ku Belstone. Malo a pafupi ndi Fox Tor otchedwa manda a mlenje Childe uja nawonso ndi bokosi la miyala la nthawi yamakedzana, limene pambuyo pake anaimikapo mtanda. Zoona, zilipo nthano zina zokhala pa miyala yachilengedwe, monga Bowerman's Nose, mwala wooneka ngati munthu wovala chipewa umene akuti ndi mlenje wolodzedwa ndi afiti. Koma kawirikawiri chimene chinkachitika n'chakuti mbusa wa nkhosa kapena wokumba tin ankapeza chinthu choonekeratu kuti chinamangidwa ndi manja, osadziwa mwini wake, ndipo nthano inkabwera kudzayankha funso lakuti anamanga ndani ndipo anapita kuti. Choopsa cha Dartmoor ndi kuchuluka kwa zizindikiro za anthu amene anasowa, ndipo aliyense wonena kuti kunalibe anthu wachotsa gwero lenileni la nthanozo. Mukadzamvanso mawu akuti chipululu chosakhudzidwa m'vidiyo ina, atumizireni ino mwaulemu.

Mfundo yachinayi ndi mmene zonsezi zinalowera m'buku la The Hound of the Baskervilles, limene linatuluka m'zigawo kuyambira Ogasiti 1901 mpaka Epulo 1902. Doyle anadziwana ndi mtolankhani wachinyamata Bertram Fletcher Robinson, amene kwawo kunali ku Ipplepen m'chigawo cha Devon, ndipo awiriwa anakwera sitima imodzi pobwerera kuchokera ku South Africa mu 1900. Chaka chotsatira ali patchuthi ku Cromer, m'chigawo cha Norfolk, Robinson anamusimbira nthano za agalu amizukwa, ndipo kenako anayendera limodzi Dartmoor akugona pa hotela ya ku Princetown. Woyendetsa ngolo ya banja la Robinson anali Harry Baskerville, ndipo ambiri amakhulupirira kuti dzina la m'bukulo linachokera kwa iye. Doyle mwiniwake anathokoza Robinson kumayambiriro kwa bukulo chifukwa cha nthano imene inautsa ganizo lonse.

Ponena za chigalucho, ambiri amaloza kwa Richard Cabell, mwini malo wa ku Buckfastleigh amene anamwalira m'zaka za m'ma 1670, yemwe mbiri ya m'midzi inkati anali woipa mtima kwambiri moti agalu akuda ankabwera kudzauwa pa manda ake. Mandawo alipobe, m'kanyumba kotchingidwa ndi zitsulo pabwalo la tchalitchi cha Holy Trinity, chimene chinapsa ndi moto mu 1992. Koma musaiwale kuti Norfolk, kumene nkhaniyi inayambira kukambidwa, ili ndi galu wakewake wa m'nthano wotchedwa Black Shuck, choncho si nzeru kunena kuti Doyle anatenga nthano imodzi yokha. Dambo lomeza akavalo la m'bukulo, Grimpen Mire, kulibe pa mapu, koma anthu ambiri amavomereza kuti linapekedwa potengera Fox Tor Mire, pafupi ndi manda a Childe. Mkaidi wothawa amene amazemba usiku m'nkhaniyo akuchokera ku ndende yeniyeni ya ku Princetown, yomangidwa pakati pa 1806 ndi 1809 kuti isunge akaidi a nkhondo a ku France, imene inasanduka ndende ya opalamula milandu mu 1850.

Tsopano ndiulula mathero, ndipo amene simunawerenge bukuli mukhoza kudumpha mphindi imodzi. Holmes pofufuza mlanduwo amabisala m'kanyumba kamiyala ka anthu amakedzana, kofanana ndi nyumba za ku Grimspound, ndipo mnzake Watson m'makalata ake amadabwa ndi kuchuluka kwa nyumba za anthu oiwalika zimene zili ponseponse. Doyle anaona ndi maso ake chimene otsatsa maulendo amachiphonya lero, ngakhale kuti anaziika nyumbazo m'nyengo yakale kuposa imene akatswiri amanena tsopano. Chigalu chija nachonso chimapezeka kuti ndi galu weniweni wogulidwa ku London, wopakidwa mankhwala a phosphorous kuti aziwala mumdima, wowetedwa ndi munthu wofuna chuma cha banja. Doyle sanali yekha: mlembi wina Agatha Christie anamalizira buku lake loyamba la zaupandu ali pa hotela ya ku Haytor mu 1916, ndipo mu 1931 anatulutsa The Sittaford Mystery, nkhani yochitikira m'mudzi wa m'mphepete mwa Dartmoor wotsekeredwa ndi chipale, momwenso muli mkaidi wothawa ku ndende.

Mfundo yachisanu ndi yaifupi, ndipo ndi ya amene akuganiza kuti nthano zinatha magetsi atabwera. Mu 1921, dokotala wa ndende ya ku Princetown ija anafa pa ngozi ya njinga yamoto pa msewu wa pakati pa Postbridge ndi Two Bridges, umene lero ndi B3212. Patapita nthawi pang'ono, msilikali wina anagwa pamalo omwewo n'kunena kuti manja awiri aubweya, opanda thupi, anagwira chiwongolero n'kumukhotetsera kunja kwa msewu. Nyuzipepala ya Daily Mail italemba nkhaniyo chaka chomwecho, nthano ya Hairy Hands inafalikira dziko lonse. Ofufuza anapeza kuti msewuwo unali wopendekera moopsa m'malo ena, ndipo anaukonza, koma oyendetsa alendo akusimbabe za manjawo mpaka lero.

Ndiuzeni m'ndemanga kuti mwa nthano zimenezi ndi iti imene mukufuna kuti tidzaifukule payokha. Ine voti yanga ili pa mphezi ya ku Widecombe, chifukwa zolembedwa za mboni zake zilipo ndipo akatswiri ena amaziona ngati umodzi mwa maumboni akale kwambiri a mphezi yooneka ngati mpira wa moto. Sabata yamawa tiwoloka mtsinje wa Tamar kulowa m'chigawo cha Cornwall, ku Bodmin Moor, kukaona dziwe la Dozmary Pool limene nthano imati munaponyedwa lupanga la Mfumu Arthur, ndipo tidzafunsa kuti dziwe limene ankati lilibe pansi linauma bwanji m'chaka cha chilala.